Gemu ndi Yanu, Kiyi Ali ndi Eni Ake

Mu September 2015, kampani ya Microsoft inatumiza kachigamba kokonzera Windows Vista, 7 ndi 8 m'makompyuta olumikizidwa pa intaneti. Kachigambako kanali ndi ntchito imodzi yokha, yozimitsa kafayilo kotchedwa secdrv.sys. Ndi anthu ochepa amene ankadziwa kuti kafayilo kotere kali m'kompyuta mwawo. Ambiri anadzazindikira tsiku limene anapukuta fumbi pa chimbale cha gemu imene anagula zaka khumi m'mbuyomo, n'kuchilowetsa m'kompyuta, chimbale n'kuzungulira monga mwa nthawi zonse, koma pa sikirini kuli zii. Windows 10, imene inatuluka mu July chaka chomwecho, inabwera itakakana kale kafayiloka.

Kafayiloka kanali mtima wa SafeDisc, loko amene kampani ya Macrovision inkagulitsa kwa opanga magemu kuti anthu asamakope zimbale. A Microsoft anati kali ndi ming'alu imene mbava za pa intaneti zingalowerepo, ndipo ankanena zoona. Komabe magemu mazanamazana a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anaima, ndipo anaimira anthu amene anatulutsa ndalama zawo. Amene anali ndi gemu yomweyo yokopera, yothyoledwa loko, sanamve n'komwe kuti kwachitika kanthu.

Apatu n'kuti gemu ya Windows ikukana Windows inzake. Nanga munthu akafuna kuisewera pa Linux, pa Mac, kapena pa kamakina kogwira m'manja ka Steam Deck? Pali mavuto awiri amene anthu amakonda kuwasakaniza. Loyamba ndi la chilankhulo, poti gemu inalembedwa kuti izilankhula ndi Windows. Lachiwiri ndi la maloko amene eni gemu anaikamo dala. Loyambalo akatswiri alimbana nalo zaka zoposa 30 ndipo lafooka kwambiri. Lachiwirilo luso lokha silingalithe, chifukwa kumbuyo kwake kuli munthu amene anasankha kuti zikhale choncho.

Gemu imalankhula ndi ndani?

Gemu siikhudza yokha zipangizo za m'kompyuta. Ikafuna kutsegula fayilo, kujambula galimoto pa sikirini, kuliza mfuti m'masipika kapena kudziwa batani limene mwadina, imapempha pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyutayo. Pa Windows mapempho amenewa ali ndi mayina awo ndi kalembedwe kawo, ndipo alipo masauzande ambiri. Okhudza zithunzi ndi mawu ali m'gulu lotchedwa DirectX, limene Microsoft inatulutsa mu 1995 pofuna kukopa opanga magemu kuti asiye DOS. Linux siidziwa DirectX, zithunzi imajambulira mu OpenGL kapena Vulkan. Mac ya masiku ano imadalira Metal.

Chimene chimapereka mpata n'chakuti purosesa ya m'kompyuta wamba, kaya ya Intel kaya ya AMD, imakhala yomweyo ngakhale mutachotsamo Windows n'kuikamo Linux. Masamu onse a m'gemu, monga kuwerengera pamene mpira ukagwere, purosesa imawachita yokha popanda mkhalapakati. Chosowa ndi woyankha mapempho aja basi. Ndiye mu 1993 Bob Amstadt ndi Eric Youngdale anayambitsa pulogalamu yotchedwa Wine, imene kuchokera mu 1994 akuitsogolera ndi Alexandre Julliard wa ku Switzerland. Gemu ikapempha kanthu m'chilankhulo cha Windows, Wine imalandira pempholo n'kulipereka m'chilankhulo cha Linux, yankho n'kulibwezanso mmene gemu ikuliyembekezera.

Amene anakhalapo m'tchalitchi tsiku limene kwabwera mlaliki wakunja akuidziwa ntchito imeneyi. Womasulira amaima pambali, kulandira mawu n'kuwapereka kwa mpingo, ndipo akamachedwa ulaliki wonse umazizira. Womasulira wa gemu nthawi yake ndi yochepa koopsa. Kuti zinthu zizioneka kuti zikuyenda bwino, gemu imajambula zithunzi 60 pa sekondi imodzi, ndipo chithunzi chilichonse chimabwera ndi mapempho mazana kapena masauzande. Akangotsalira pang'ono, zithunzi zimayamba kudukizadukiza, wosewera n'kuphonya chigoli ali yekha ndi goloboyi.

Zolembedwa m'mabuku a Microsoft n'zosavuta kuzitsatira. Zoimitsa mutu ndi zimene sizinalembedwe paliponse. Wolemba gemu amaiyesa pa Windows, ikayenda iye wathana nazo, ngakhale kuti mwina ikuyenda chifukwa cha cholakwika china cha Windows chimene palibe anachizindikira. Wine imayenera kutsanzira ndi zolakwika zomwe. Taonani kanthu kakang'ono aka: kwa Windows, fayilo ya dzina loti Mapu.dat ndi ya dzina loti mapu.dat ndi imodzi, pamene kwa Linux ndi mafayilo awiri osiyana. Wolemba amene sankasamala za zilembo zazikulu ndi zazing'ono sanaonepo vuto pa Windows, koma pa Linux gemu yake ikanamafuna fayilo imene ili pomwepo osaipeza, pakanapanda Wine kuibisira kusiyanako. Tinthu totere tilipo tosawerengeka. Komanso olemba Wine saloledwa kusuzumira mmene Windows inalembedwera mkati, kuopa milandu yokopera. Amangoiyesa ali kunja, kuifunsa funso n'kuona mmene yayankhira. N'chifukwa chake Wine 1.0 inadzatuluka mu June 2008, patatha zaka 15 chiyambire ntchitoyo.

Ena anayesa njira yolembanso gemu iliyonse kuti ikhale ya Linux yeniyeni. Kampani ya Loki Software ya ku California, imene inakhazikitsidwa mu 1998, inachita zimenezi ndi magemu monga Civilization: Call to Power ndi Heroes of Might and Magic III. Ogula anachepa, ndipo kumayambiriro kwa 2002 inatseka.

Maloko a m'zimbale

Maloko oyambirira ankafunsa munthu, osati makina. Gemu inkaima n'kukuuzani kuti mutsegule kabuku kamene kanabwera m'bokosi, tsamba lakuti, mzere wakuti, mulembe liwu lachitatu. The Secret of Monkey Island ya mu 1990 inabwera ndi gudumu la pepala lokhala ndi nkhope za mbava za panyanja. Unkalizungulitsa mpaka nkhope ifanane ndi ya pa sikirini, n'kulemba chaka chimene chaoneka pa kabowo. Zinali zotopetsa, koma amene anasunga gudumu lakelo akhoza kusewera mpaka lero pa kompyuta ya mtundu uliwonse.

Zinasintha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene makina okopera zimbale anatsika mtengo n'kulowa m'nyumba za anthu. Loko anasamukira m'chimbale momwemo. A SafeDisc ankaika dala malo owonongeka pa chimbale, amene makina okopera ankakanika kuwatsanzira, ndipo gemu isanayambe inkayang'ana kaye ngati malowo alipo. SecuROM, ya kampani ya Sony DADC, inafika poyeza mmene uthenga unayalidwira pa mzere wozungulira wa chimbale, umene umasiyana pang'ono pakati pa chimbale cha kufakitale ndi chokopera kunyumba. StarForce ya ku Russia ndiye inali yolimba kuposa onse. Splinter Cell: Chaos Theory ya mu 2005 inatha chaka ndi miyezi isanathyoledwe. Koma ogula anadandaula kwambiri kuti ikusokoneza makompyuta awo, ndipo mu 2006 kampani ya Ubisoft inaisiya.

Kuti timvetse chifukwa chake maloko amenewa ankakana Wine, tiyenera kudziwa kuti pulogalamu yoyendetsa kompyuta ili ndi zigawo ziwiri. Kunja kumakhala mapulogalamu wamba, iliyonse m'malire ake. Mkati muli chigawo chotchedwa kernel, chimene chili ndi mphamvu pa chilichonse: memore, zimbale, kiyibodi, ndi mapulogalamu ena onse. Ena mwa malokowa ankalowetsa kapulogalamu kawo m'kati mwa kernel ya Windows kuti azilankhula ndi chimbale mwachindunji. Wine imakhala kunja, ndipo kernel ya Linux ndi nyumba ina yomangidwa mosiyana kotheratu. Choonjezera apo, loko amamulemba kuti azikayikira aliyense woima pakati pa iye ndi makina, poti ndi mmene othyola maloko amagwirira ntchito. Ndiye Wine ntchito yake yonse ndi kuima pakati pomwepo. Olemba Wine anakwanitsa kunyengerera mitundu ina ya SafeDisc ndi SecuROM, koma mtundu watsopano ukatuluka ankayambanso poyambira.

Kampani ya TransGaming ya ku Canada inaona msika pamenepa. Inatenga Wine n'kupanga yakeyake yotchedwa WineX, imene mu 2004 inasintha dzina kukhala Cedega, ndipo inapangana ndi eni maloko kuti maloko awo azigwira. Anthu ankalipira mwezi ndi mwezi. Koma zigawo zokhudza malokozo sizikanaperekedwa poyera, ndipo zambiri zimene kampaniyo inakonza sizinabwerere kwa anthu odzipereka amene analemba Wine. Mkangano wa zoterezi ndi umene unachititsa kuti mu 2002 Wine isinthe laisensi yake, kuti aliyense woikonza n'kuigawa azibweza zimene wakonzazo.

Kwa munthu wamba wa Linux amene anagula chimbale chenicheni, njira inatsala imodzi: kukafuna pa intaneti fayilo yothyoledwa ndi magulu akuba, yoti gemu iziyamba popanda kuyang'ana chimbale. Ku America lamulo la DMCA la mu 1998 limaletsa kulambalala loko wotere, ngakhale chinthucho unachigula. Munthu wachilungamo ankakakamizika kuchita ngati wakuba kuti agwiritse ntchito katundu wake. Ngakhale eni magemu zinkawagwira. Mu 2008 a Ubisoft anatulutsa chigamba cha Rainbow Six Vegas 2 chimene chinkafuna chimbale, kuiwala kuti ena anagula gemuyo pa intaneti ndipo chimbale analibe. Fayilo imene anatumiza kuti akonze vutolo anthu ataiunika anapeza kuti inali ya gulu lothyola maloko la RELOADED.

Intaneti itafala, loko anayamba kuimbira kwawo. BioShock ya mu 2007 inkalola kuikidwa pa kompyuta kawiri kokha, Spore ya mu 2008 katatu, ndipo kusintha zipangizo zina za m'kompyuta kunkatha kuwerengedwa ngati kompyuta yatsopano. Anthu atakwiya, malire onsewo anawakweza kufika pa kasanu. Spore inakhalabe gemu yokopedwa mwakuba kuposa zonse chaka chimenecho, malinga ndi mmene a TorrentFreak anawerengera. Mu March 2010 Assassin's Creed II inafuna kuti wosewera akhale pa intaneti nthawi zonse, ngakhale kuti ndi gemu yosewera wekha. Maseva a kampaniyo atagwa, ogula anakhala manja lende. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu.

Sindikunena kuti opanga magemu alibe chowadetsa nkhawa. Gemu yaikulu imalembedwa ndi anthu mazana kwa zaka zingapo, ndipo ndalama zambiri zimalowa m'masabata oyamba. Amene amawakopera mwakuba akudya thukuta la anzawo, palibe kuchitira mwina koma kunena choncho. Funso langa ndi lakuti loko akatha ntchito yake ya masabata oyambawo, n'chifukwa chiyani amakhalabe pachitseko zaka makumi, eni ake atasamuka kalekale? Loko wa Games for Windows Live, amene Microsoft inayambitsa mu 2007, anafika poti mu January 2020 a Rockstar anasiya kaye kugulitsa Grand Theft Auto IV pa sitolo ya pa intaneti ya Steam chifukwa makiyi atsopano a lokoyo sankathekanso kupangidwa.

Valve ilowererapo

Chimene chinasintha zinthu ndi mantha a kampani imodzi. Valve ndi eni ake a Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti imene inatsegulidwa mu 2003. Windows 8 ikubwera mu 2012 ndi sitolo yakeyake, mkulu wa Valve, Gabe Newell, anaona kuti tsiku lina Microsoft ikhoza kutseka chipata. Anatulutsa Steam ya Linux mu February 2013, kenako makompyuta otchedwa Steam Machine mu 2015. Anthu ambiri sanawagule, chifukwa magemu olembedwera Linux anali ochepa. Apa a Valve anasintha maganizo: m'malo modikira opanga magemu, anaganiza zolimbitsa womasulira uja.

Zinthu ziwiri zinawathandiza. Mu February 2016 kunatuluka Vulkan, njira yatsopano yojambulira zithunzi imene ili pafupi kwambiri ndi zipangizo, moti kumasulira DirectX kupita kumeneko sikudya nthawi yambiri. Ndiye ku Germany kunali Philip Rebohle, amene ankangofuna kusewera Nier: Automata pa Linux, ndipo anayamba kudzilembera pulogalamu yomasulira Direct3D 11, gawo la DirectX, kupita ku Vulkan. Anaitcha DXVK. A Valve anamupatsa ntchito, nagwirizananso ndi kampani ya CodeWeavers ya ku Minnesota, kumene kumagwira ntchito olemba Wine ambiri. Mu August 2018 anatulutsa Proton, imene ndi Wine, DXVK ndi zigawo zina zomangidwa mtolo umodzi m'kati mwa Steam. Munthu amangodina batani, gemu ya Windows n'kuyamba.

Pa 25 February 2022 kunatuluka Steam Deck, kompyuta yogwira m'manja yoyendera Linux. Tsiku lomwelo kunatulukanso Elden Ring, imene pa Windows inkadukizadukiza ngakhale pa makompyuta amphamvu. A Valve anakonza vutolo m'kati mwa Proton, moti pa Steam Deck kudukizako kunachepa eni gemu asanakonze kwawo. Magemu ena akale amene Windows ya lero imawakana amayenda bwino pa Wine, poti Wine inasunga makhalidwe akale amene Microsoft inawataya.

Tizovuta sitinathe. Nthawi zina gemu ikafika pa kafilimu kofotokoza nkhani, pa sikirini pamaoneka mizere yamitundumitundu ngati ya TV imene sinayambe kuulutsa. Chachitika n'chakuti kafilimuko kanasungidwa m'njira imene ili ndi eni ake, ndipo a Valve sangagawe pulogalamu yoiwerengera popanda chilolezo. Iwo amatenga kafilimuko n'kukasintha pa maseva awo kukhala mtundu waulere, kenako n'kukatumiza kwa osewera. Amene wayamba kusewera gemuyo ena onse asanaifike ndi amene amaona mizere ija. Apanso chopinga ndi chilolezo, luso lilipo.

Denuvo ndi kompyuta imodzi yooneka ngati zisanu

Loko wotchuka wa masiku ano ndi Denuvo, wopangidwa ku Salzburg m'dziko la Austria ndi anthu amene kale anali ku Sony DADC. Anayamba kuoneka mu 2014 m'gemu ya FIFA 15, ndipo mu 2018 kampaniyo inagulidwa ndi Irdeto. Denuvo salowa mu kernel, n'chifukwa chake kawirikawiri amagwira pa Proton. Iye amatenga zizindikiro za kompyuta yanu, monga mtundu wa purosesa ndi wa pulogalamu yoiyendetsa, n'kuzitumiza ku seva, seva n'kubweza chiphaso chogwira pa kompyuta imeneyo yokha. Gemu imodzi imaloledwa makompyuta asanu pa maola 24.

Tiyerekeze kuti mwagula gemu, mwaiyatsa pa Linux, koma mawu sakumveka. Chimene aliyense amachita n'kuyesa Proton ina. Mwayesa yakale, mawu abwera koma zithunzi zada. Mwayesa yoyeserera, gemu yadzitseka yokha. Mwayesa ina yokonzedwa ndi anthu odzipereka. Kwa Denuvo, Proton iliyonse ikuoneka ngati Windows ina pa kompyuta ina. Mukadutsa kasanu, pa sikirini pamabwera uthenga woti mudikire mpaka mawa. Simunakopere aliyense, mwakhala pampando womwewo, koma loko wakuwerengani ngati anthu asanu.

A Windows nawonso zinawapeza. Mu November 2021 Intel inatulutsa mapurosesa otchedwa Alder Lake, okhala ndi mitima ya mitundu iwiri, ina yamphamvu ina yosunga magetsi. Maloko ena, makamaka Denuvo, ankaona mitundu iwiriyo ngati makompyuta awiri, ndipo magemu ambiri ankakana kuyamba kapena kudzitseka. A Intel anachita kutulutsa mndandanda wa magemu okhudzidwa ndi njira yongodikirira: kusintha kena kake mu BIOS, kenako kudina batani la Scroll Lock kuti mitima yosunga magetsiyo igone pamene mukusewera.

Maloko ena amalambalala khomo limene Wine imadikirira. M'malo mopempha kudzera m'njira yodziwika, amaitana kernel mwachindunji ndi manambala a Windows, amene kwa Linux amatanthauza zinthu zina. Kuti zimenezi zitheke, anachita kusintha kernel ya Linux yeniyeniyo. Linux 5.11, ya mu February 2021, inabwera ndi njira yogwira kuitana kotereku n'kukubweza kwa Wine, ntchito ya akatswiri a kampani ya Collabora mothandizidwa ndi Valve.

Pamene pavuta zenizeni

Khoma limene latsala ndi la mapulogalamu olimbana ndi obera m'magemu opikisana pa intaneti. Apa ndiye sindingaweruze mofulumira, chifukwa vuto lake ndi lenileni ndipo ovutika ndi osewera anzathu. Pali anthu amene amagula mapulogalamu oonetsa adani kuseri kwa khoma, kapena olozetsa mfuti okha. Mmodzi wotere amaonongera anthu makumi madzulo awo onse, ndipo akachuluka gemu imafa. Oberawo amabisa mapulogalamu awo mu kernel, ndiye owasaka nawonso amalowa momwemo. Vanguard, ya kampani ya Riot Games, inabwera ndi Valorant mu 2020 ikuyamba kugwira ntchito kompyuta ikangoyaka, gemu musanaitsegule n'komwe.

Pa Windows zimenezi zimatheka chifukwa Microsoft ndi imene imavomereza zolowa mu kernel. Pa Linux mwini kompyuta ali ndi ufulu wosintha kernel yake mmene akufunira, ndipo kernel yosinthidwa ikhoza kunamiza mlonda aliyense. Ufulu womwewo umene anthu amaikondera Linux ndi umene opanga magemu amauopa. Mu September 2021 eni a Easy Anti-Cheat, amene ndi Epic Games, ndi eni a BattlEye analengeza kuti mapulogalamu awo azigwira pa Proton, koma ali kunja kwa kernel, ndipo kampani iliyonse ya gemu izisankha yokha kuvomera kapena kukana. Ambiri anavomera. Tim Sweeney, mkulu wa Epic yomweyo, anakana kuti Fortnite ilowe, ponena kuti sakukhulupirira kuti angathane ndi obera pa makernel osiyanasiyana chonchi.

Chopweteka kwambiri ndi gemu imene inkayenda n'kudzatsekedwa pambuyo. Chaka cha 2024 chinali choipa pa nkhaniyi. League of Legends italandira Vanguard, a Linux anatsala panja. Mu September Grand Theft Auto V inalandira BattlEye, ndipo kusewera pa intaneti kunatha kwa a Steam Deck. Kumapeto kwa October a Electronic Arts anatseka Apex Legends kwa a Linux onse, ponena kuti obera ambiri akudzera kumeneko. Okonda mpira nkhaniyi inawapeza kale: FIFA 22 inkatheka pa Proton, koma kuyambira FIFA 23 ya mu 2022 kampaniyo inaikamo mlonda wa mu kernel, ndipo magemu a EA Sports FC otsatira anatengera pomwepo. Kwa kampani masamu ake ndi osavuta. Kwa zaka zambiri a Linux anali pafupifupi munthu mmodzi pa 100 alionse a pa Steam, ndipo anadutsa awiri pa 100 mu 2024.

Komabe mlonda wa mu kernel ali ndi mtengo wake ngakhale kwa a Windows. Mu 2022 akatswiri a Trend Micro anapeza kuti mbava zolanda mafayilo n'kufuna dipo zinkagwiritsa ntchito kafayilo kolimbana ndi obera ka gemu ya Genshin Impact pozimitsa mapulogalamu oteteza kompyuta. Ndipo njira zina zilipo. Counter-Strike 2 ndi Dota 2 za Valve zimayenda pa Linux popanda kulowa mu kernel, ndipo makampani ena amaunika kaseweredwe ka munthu ali ku seva kwawo. Njira zimenezi n'zodula ndipo sizigwira obera onse. Ine ndimaona kuti ndi zoyenera kuzilimbikira, chifukwa kupereka mphamvu zonse za kompyuta imene mumasungamo zithunzi za ana ndi makalata a kuntchito kwa kampani ya masewera ndi chinthu chachikulu, chosayenera kuzolowereka.

Za Mac tingonena mwachidule. Mu 2019 macOS Catalina inasiya kuyendetsa mapulogalamu a 32-bit, ndipo magemu ambiri akale a Mac yeniyeniyo anafa nthawi imodzi. Mu November 2020 Apple inayamba kusiya mapurosesa a Intel n'kubweretsa akeake a M1, moti tsopano gemu ya Windows imafunika kumasuliridwa kawiri: malangizo a purosesa kudzera mu Rosetta 2, mapempho a Windows kudzera mu Wine. Game Porting Toolkit imene Apple inatulutsa mu 2023 maziko ake ndi Wine yomweyo. Magemu osewera wekha ambiri amayenda, koma alonda a mu kernel amakana monga amachitira pa Linux.

Musanatulutse ndalama

Nkhaniyi ikutikhudza kuno kwathu kuposa kale. Pa 14 October 2025 Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka TPM 2.0 ndi purosesa yosakalamba kwambiri. Malaputopu ambiri amene timagula atagwira kale ntchito kunja sakwanitsa zimenezi, ngakhale ali ndi mphamvu zokwanira, ndipo Linux ndi njira imodzi yowapatsira moyo wina. Komanso loko wofuna intaneti nthawi zonse anamupangira munthu amene intaneti yake siitha. Kwa wogula bandulo ya pa foni, amene magetsi akhoza kumuthimira pakati pa masewera, loko wotere amaluma kawiri.

Pa tsamba la ProtonDB osewera amalemba mmene gemu iliyonse yawayendera pa Linux, n'kuipatsa mulingo kuyambira Platinum, kutanthauza kuti ikuyenda osakhudza kanthu, mpaka Borked, kutanthauza kuti siikuyamba n'komwe. Pa Steam, tsamba la gemu limatchula ngati muli Denuvo kapena loko wina, ndipo kuchokera mu October 2024 a Valve amafuna kuti mlonda wa mu kernel azilembedwa poyera. Sitolo ya GOG, imene inayambitsidwa mu 2008 ndi kampani ya CD Projekt ya ku Poland, imagulitsa magemu opanda loko. Mumakopera fayilo yoikira gemuyo kamodzi, n'kuisunga pa fulashi, osafunsanso seva ya munthu. The Witcher 3 ya kampani yomweyo inatuluka mu 2015 yopanda loko ndipo inagulidwa ndi anthu mamiliyoni ambiri.

Makampani ena amachotsa okha loko pakapita nthawi. Doom ya mu 2016 inachotsedwa Denuvo chaka chomwecho chisanathe, ndipo BioShock malire ake aja anachotsedwa mu 2008. Ndikanakonda zimenezi zikanakhala lamulo, zolembedwa pa bokosi munthu asanagule, m'malo modalira chifundo cha kampani. Ku America, mu 2015, Library of Congress inalola kuti munthu alambalale loko wa gemu imene anagula ngati seva yoitsegulira inazimitsidwa, koma chilolezocho sichikhudza magemu amene mbali yake yaikulu ili pa seva.

The Crew inali gemu yotero. Ndi gemu ya magalimoto ya Ubisoft ya mu 2014, imene inkafuna seva ngakhale ukuyendetsa wekha. Pa 31 March 2024 sevayo inazimitsidwa, ndipo gemu inafa pa Windows, pa Linux, pa PlayStation ndi pa Xbox nthawi imodzi, zimbale zili m'manja mwa ogula. Munthu wina dzina lake Ross Scott anayambitsa kampeni ya Stop Killing Games, yopempha kuti kampani ikamasiya gemu iziisiya ikutha kuseweredwa, ndipo mu July 2025 chikalata chopita ku European Union chinadutsa masiginecha 1 miliyoni. A Ubisoft analonjeza kuti The Crew 2 ndi The Crew Motorfest zidzatha kuseweredwa popanda intaneti. Yoyamba ija sanaibwezeretse. Amene anaidzutsa ndi osewera okha, amene anadzilembera seva yotsanzira ya kampaniyo n'kuitulutsa mu 2025.